Chitseko Chabuluu cha ku Paki

San Antonio, Texas
19 Disembala 2022

Okondedwa achemwali a Griselda,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku Alaska sikunakuumitseni zala mpaka kulephera kutsegula kalata. Kuno tili bwino ndithu. Mayi ayamba kale kunyika makoko a chimanga okulungira matamale, chakudya chathu cha pa Khirisimasi chija, ndipo akuti ndikukumbutseni kuti juzi munawalonjeza ija akuyidikirabe.

Chaka chinonso paki ya zosangalatsa ija yatilemba ntchito yoyimba pa Posada, sewero lathu la pa Khirisimasi lija. Zonse zili monga munazisiyira: magetsi m'mitengo, chipale cha thovu la sopo chotilowa m'maso, ndi anthu okuwa pa sitima yozondoka ija ife tili pakati pa nyimbo. M'seweroli mwini nyumba ya alendo akadali bambo. Amayima kuseri kwa chitseko chabuluu chija ndi vayolini yawo, ine pambali pawo ndi gitala langa lalikulu. Alendo a m'paki amapatsidwa makandulo a mabatire n'kumatsatira Yosefe ndi Mariya kudzapempha malo ogona. Iwo amapempha poyimba, bambo amakana poyimba. Amakana kawiri, kachitatu amatsegula, ana n'kuthamangira kukaswa pinyata, chidole chopachika chodzaza maswiti chija, kuti atole maswitiwo. Mayi Tolbert, oyang'anira zionetsero, safuna kuti tisinthe kalikonse, chifukwa tikachedwa timatsekereza njira gulu la ng'oma lobwera m'mbuyo mwathu.

Kukana kumeneku bambo amakutha, inu mukudziwa. Chiyambire pamene mng'ono wanu Nayeli anasiya gulu lathu n'kukakwatiwa ndi Dustin wake wa malole uja osawauza, dzina la chitsirizira chawo silitchulidwa pa tebulo. Anati pakhomo pawo asadzapondenso, ndipo sanapondedi. Mwana atabadwa, mayi ankapita kukamuona mobisa, ati akupita kwa dokotala wa mano. Mano a mayi asamalidwa kwambiri chaka chino.

Loweruka masana Nayeli anabwera ku paki. Tikiti ndi yodula masiku ano, ndipo sindikudziwa kuti anaipeza bwanji. Mtsikana wogawa makandulo anamuyimika kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi maikolofoni. Izonso sindikudziwa kuti zinatheka bwanji.

Kuseri kwa chitseko sitiona amene ali panja, timangomva. Gulu linafika, linagogoda, linayamba kupempha. Nthawi zambiri alendo amangong'ung'udza potsatira mawu a papepala, koma tsikuli panatuluka liwu limodzi lokwera bwino, lokoka mawu omaliza monga bambo anatiphunzitsira tonsefe. Uta wa vayolini unayima m'malere.

"Ramiro," anandinong'oneza, "ndani ameneyo?"

"Mlendo wa paki, bambo, ngati ena onse."

"Usandiyese chitsiru, iwe."

"Ndi nthawi yanu yoyankha. Kanani."

Anakana. Ndakhala ndikuwamva akuyimba gawo limenelo kuyambira ndili mwana, koma sindinawamvepo akukana mwamphamvu chotero. A Chuy oliza lipenga anandigunda ndi chigongono nati, "Lero ndiye Mariya agona panja, mphwanga."

Nayeli anapemphanso kachiwiri. Pakati pa vesi kunamveka kulira kwa khanda, kenaka kachifuwa. Nayeli sanasiye kuyimba. Vesi itatha ndinamenya zingwe zoti bambo alowerepo. Sanalowe. Ndinabwereza, a Chuy nawonso anabwereza ndi lipenga. Chapambali Mayi Tolbert anali ataloza kale wotchi yawo. Ndinachita mantha, achemwali, ndisakunamizeni. Ndinaganiza kuti aika vayolini pansi n'kutulukira kukhomo la antchito, Nayeli n'kutsala pamaso pa khamu lonselo ndi kandulo ya mabatire m'manja.

Vayoliniyo anaikadi pansi. Kenaka anakoka chitseko, vesi yokana isanayimbidwe.

Yosefe wathu, wophunzira wa ku koleji wa ndevu zomata, anasokonezeka. "Madala, sikanakwane katatu," anatero. "Mutithamangitse kaye."

"Khala chete, iwe," anatero bambo. Sanamuyang'ane Nayeli kumaso. Anayang'ana khanda lija nati, "Mwana akutsokomola chonchi, iwe n'kumutulutsa wopanda chipewa? Unaleredwa kuti?"

"Kwanu, bambo," anayankha Nayeli.

Anamasula kansalu kofiira ka pakhosi pawo n'kukulunga mutu wa mwanayo. Anthu anaomba m'manja poyesa kuti sewero limathera pamenepo. Ana anathamangira pinyata isanapachikidwe n'komwe, moti anaiswera pansi. Pambuyo pake Mayi Tolbert anatiuza kuti zikadzachitikanso tizikayimbira koyimika magalimoto. Bambo anapepesa mwaulemu, ati chitsekocho n'chakale, chimatseguka chokha.

Titafika kunyumba bambo anangochita zawo za masiku onse. Anadya, anaonera mpira, anakagona. Dzulo m'mawa ndinawapeza m'galaja akupukuta kampando kakatali kaja kamene tonsefe tinadyerapo tili makanda. Nditawafunsa anati akungokonza malo oika matayala, ine sindinawatsutse.

Mukamayimba foni pa Khirisimasi musawafunse za nkhaniyi, adzakana, ndipo mwamva kale mmene amakanira. Za matikiti aulere amene paki imapatsa antchito, amene munati ndikusungireni, pepani, chaka chino atha. Potumiza juzi ya mayi muikemonso nsomba yofukiza ija. Ngati kumeneko kumapezeka tizipewa taubweya ta makanda, onjezanipo kamodzi.

Mayi akupereka moni. A Chuy akuti moni, ndipo akufunsa ngati mwapeza mwamuna kapena onse anauma ndi chisanu. Bambo akuti muzivala zofunda. Nayenso Nayeli akuti moni. Ngati zilembo zapotoka mundikhululukire, tebulo likugwedera chifukwa iye ndi mayi akukanda ufa wa matamale mbali inayo. Bambo ayima pakhomo la khitchini, mwana ali m'manja, akuwauza kuti mchere wachepa.

Ndine mlongo wanu,
Ramiro