Bwato la Papepala

Rothesay, 9 Juni 1884

Wokondedwa mng'ono wanga Ninian,

Ndisanafunse za moyo wako, landira dandaulo langa. Fodya unanditumizira kuchokera ku Halifax uja ndamusuta mwaulemu wonse, ndipo ndatsimikiza kuti ndi chingwe chakale chopaka phula. Mphaka wasamuka pakhomo. Mlanduwu sunathe.

Kaya muli bwanji kumeneko, iwe, mlamu Jessie ndi ana? Kuno tilipo, chifuwa cha Mayi chachepa.

Koma Bambo saonanso. Sanauze munthu. Tinadziwira tsiku limene anavulira chipewa mlongoti, n'kuufunsa ngati kunyumba adzuka bwino.

Ukudziwa kuti zaka makumi anayi zonsezi sanajambulepo bwato. Amasema kabwato ka theka pa thabwa la paini, amisiri n'kutengera miyeso pamenepo. Mabwato a asodzi aja ndi a mpikisano omwe, onse anabadwa choncho. Kumapeto kwa chaka chatha mwini fakitale ya ulusi wa ku Paisley anaitanitsa la mpikisano. Bambo anasema, koma kanatuluka kokhota kumbuyo ngati mwendo wa galu. Akapitawo athu, a Gillies, atakaona anangoti Ambuye atichitire chifundo, iwo sakawauza Bambo, ali ndi ana.

Tsono ndikuulula. Ndinakabisa m'kabati, n'kujambula langa ndi masamu anga a ku yunivesite. Miyezi isanu amisiri ankakhoma zanga, Bambo akalamula iwo n'kumangoti inde bwana.

Tsiku lotsitsira bwatolo m'madzi Bambo anapempha kuti ndiwagwire mkono. Anayendetsa chikhatho pa bwatolo kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, pang'onopang'ono, mkazi wa mwiniwake atagwira botolo m'mwamba kudikira kuliswa pa bwatolo monga mwa mwambo. Kenako anati bwatoli lidzathamanga, lilibe cholakwa, ndipo ndi la papepala ngati wolipangayo. Anati iwe Pulofesa, dzanja lako linapita kusukulu koma silinabwereko. Sanakalipe. Kuchokera tsikulo sanapondenso kuntchito.

Bwatolo lapambana kawiri, ngati ukufuna kudziwa. Palibe wandifunsa.

Dzulo anandiitana n'kundipatsa mpeni wawo wosemera, ine mtima phaa. Anati ndiukulunge bwino, nditumizire chitsiru chija chinathawira kutsidya kwa nyanja chifukwa cha mawu awiri okha, poti ndi chokhacho chimamva thabwa likamayankhula. Chitsirucho ndiwe. Akuti ukapanda kufika chisanu chisanayambe, atseka chipata cha pamalo pathu pokhomera mabwato, amisiri makumi awiri akadzionere okha ku sitima zachitsulo za ku Greenock. Dzina lawo pa bwato la papepala silikhala.

Bwera, Ninian. Usadikire kuti apepese ndi pakamwa, ukuwadziwa. Kupepesa kwawo ndi mpeniwu.

Mulungu akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa mlamu, ndipo ana uwauze kuti kuno kuli agogo amene akufuna kuwagwira kumaso.

Pomaliza, popeza manyazi onsewa ndasenza ndekha, ndikufuna chipukutamisozi. Ukafika uzindibwereka dzanja lako lamanja Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse. Iwe uzitenga langali. Silidziwa kusema, koma Chilatini limalemba bwino.

Ndine mkulu wako wolakwiridwa,
Erskine