Chikwatu Chomaliza Chimene Munamanga

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Chalimbana tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba. Achemwali anga a Esinati anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chimanga chimene munapalira musanadwale chinadzaza nkhokwe, mtedza wokha ndiwo unachepa.

Chandilembetsa kalatayi ndi mdzukulu wanu Yohane. Patapita miyezi itatu titakuikani m'manda, anatuluka zilonda m'mbali mwa kamwa. Dzuwa likangolowa ankagunda mtondo ngati sakuuona. Ndinakhala nazo mumtima osauza munthu, mpaka bambo ake anaziona okha natikweza pa njinga kupita kuchipatala ku Kasisi.

Asisitere anafunsa chimene mwana amadya. Ndinayankha chapansipansi monga mundidziwira: phala la ufa woyera, tiyi ndi buledi. Ndinkayesa andiyamikira, poti n'zakudya za anthu apantchito. Iwo anangopukusa mutu. Anati m'zakudya muli tinthu tosaoneka totchedwa mavitamini, tina tosunga maso, tina khungu ndi nkhama. Anati mwanayo azidya masamba odzaza dzanja langa tsiku ndi tsiku, otendera, osathira chidulo, komanso papaya kapena dzira. Ndikachedwa, maso adzafa.

Dzira ndamupatsa, Amayi, ngakhale munkati limadwalitsa ana khunyu. Mundikhululukire. Koma masamba ndikanawapeza kuti, dimba litauma?

Kudenga kunatsala chikwatu chimodzi cha mfutso, chija munamanga mu Epulo. Mukukumbukira? Munali pa mphasa, nkhwani ndi khwanya zili mbwee pa lichero, mukundinyoza kuti, "Iwe wa tiyi, masamba awa udzawafuna chilimwe." Ine ndinaseka, sindinayang'ane n'komwe manja anu. Zikwatu zina zonse ndinagawira odzalira maliro. Ichi chokha ndinkangochipukuta mwaye, chifukwa mfundo ya luzi lake inali yanu. Mukanandiona mukanati, "Kodi ndiwo amazipachika kuti azionera?"

Loweruka lotsatira ndinachitsitsa. Mpeni sindinagwire. Ndinakhala pa khonde n'kumamasula ndi zikhadabo pang'onopang'ono, kuti ndione mmene luzi munkalizunguliza. Masamba a msuku okulungira mfutsowo atatseguka, fungo linali la m'khitchini mwanu, ndipo ndinalira. Yohane anadya nanyambita mbale.

Tsopano papita masabata atatu. Zilonda zauma. Dzulo madzulo anathamangitsa nkhuku mpaka m'khola, mtondo anaulambalala. Mfutso wotsala utifikitsa ku mvula yoyamba, bonongwe akamera. Kuseri kwa nyumba ndabzalako mapapaya awiri, ndimawathirira madzi otsukira mbale.

Luzi lija ndasunga, likadali ndi mapindi a zala zanu. Mu Epulo ndidzafutsa ndekha, ndipo chikwatu choyamba ndidzamanga ndi luzi lomwelo. Mfundo ikadzakhota, musadzandiseke.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Tisauke