Tebulo la Madamu a Kalasi Yoyamba Silichoka

Kwa amuna a malemu, ana awo, mayi awo owabereka, abale onse, ndi kwa kholo lililonse limene mwana wake anadutsa m'manja mwawo:

Bungwe la Aphunzitsi a Makalasi Oyamba lalandira modzidzimuka ndiponso ndi chisoni chachikulu uthenga wa imfa ya mmodzi wa mamembala ake akale, Madamu a kalasi yoyamba pa sukulu ya kuseri kwa msika, amene amwalira atadwala kwa nthawi yochepa. Bungwe linamva kuti agonekedwa m'chipatala ndipo linkakonza zokawazonda, osadziwa kuti ulendowo usanduka wa kumaliro.

Malemu anaphunzitsa kalasi yoyamba pa moyo wawo wonse wa ntchito. Ankati akauzidwa kuti akwere ku makalasi a ana okulirapo, ankakana n'kunena kuti wina ayenera kutsala kumene kuli mamina ndi nsapato zovala mophonya. Ana amene ankalowa m'kalasi mwawo osadziwa kugwira pensulo ankatuluka chaka chikamatha akuwerenga mokweza chikwangwani chilichonse cha mumsewu, mpaka makolo kutopa nawo m'basi. Anaphunzitsa kuwonkhetsa ndi zitsekerero za mabotolo, anadula makatoni akale kukhala makadi a zilembo, ndipo aphunzitsi ambiri amene lero akutchedwa akatswiri anayamba ali chiimire pakona ya kalasi yawo, kuonerera mmene munthu mmodzi amakhazikira chete khamu la ana popanda ndodo.

Zimenezi aliyense wolankhula pamaliro adzazinena, ndipo n'zoona. Koma pali nkhani ina imene ena angakonde kuti ikwiriridwe limodzi ndi malemu, ndipo bungwe silingapepese banja moona mtima litaidumpha.

Kutsogolo kwa kalasi yawo kuli tebulo lakale lamatabwa, la mwendo umodzi wochirikizidwa ndi katoni yopinda. Amuna awo, amene ndi telala, analisokera nsalu yobiriwira yofika pansi mbali zonse. Lamulo la Madamu linali lakuti mwana amene mtima wamuthina, kaya ndi mkwiyo, kaya wasowa amake, angathe kulowa pansi pa tebulolo osapempha, bola atenge sileti ndi choko. Phunziro silinkaima. Iwo ankapitiriza kuphunzitsa, ndipo pakapita kanthawi kadzanja kankatulukira m'munsi mwa nsalu katanyamula sileti, iwo n'kuchonga, n'kubweza, osayang'ana n'komwe pansi. Mwanayo akatuluka ankafunsidwa chinthu chimodzi chokha: chimene chinali m'chifuwa mwake dzina lake n'chiyani? Yankho ankalilemba pa bolodi, kalasi yonse n'kuliwerenga. Ana a Madamu anadziwira chilembo cha m pa mantha, manyazi ndi mkwiyo, ndipo sanachiiwale. Lamulo lachiwiri linali lakuti wolakwira mnzake amapepesa, ndipo ena onse amadikira mpaka atapepesa. Lamuloli linkagwira aliyense. Iwo eni anaimapo pamaso pa ana kupepesa kamnyamata kamene anakanamizira kuti kathyola choko.

Teremu yapitayi pa sukulupo panabwera woyendera sukulu. Bungwe silikufuna kumuipitsira mbiri. Ndi munthu wakhama, wotumidwa kukaona chifukwa chake ana ambiri akufika m'makalasi apamwamba osadziwa kuwerenga, ndipo nkhawa imeneyo bungwe nalo lili nayo. Atalowa anaona mpando wopanda munthu koma chikwama chilipo, n'kufunsa kuti mwiniwake ali kuti. Madamu anamuyankha motsitsa mawu kuti mwanayo ali pansi pa tebulo, akumva zonse, amusiye kaye. Sakanatha kunena zambiri ana akumva. Mwanayo anali kamtsikana kamene kanali katadzikodzera, ndipo kanathawira mmenemo anzake asanaone. Madamu anali atatumiza kale uthenga kwa amake kuti abwere ndi diresi lina. Amake a mwanayo alola kuti izi zinenedwe, malinga dzina lisatchulidwe.

Woyenderayo anakweza nsalu. Ana anaona diresi lonyowa, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko.

Madamu anatsitsa nsaluyo, n'kudikira mpaka chiseko chinazima chokha. Anafunsa anawo ngati pali wina amene zimenezi sizinamuchitikirepo, ndipo palibe anakweza dzanja. Atero ana onse anapepesa, akuyang'ana ku tebulo. Kenaka Madamu anatembenukira kwa mlendo uja.

"Bwana, ana apepesa. Mwatsala inu."

Iye anaseka, poganiza kuti n'zocheza.

"Muno wolakwira mnzake amapepesa, ena timadikira," anatero Madamu. "Tikudikira, bwana."

"Madamu, ine ndabwera kudzaona ngati ana akuwerenga, osati kudzasewera chibisalirano."

Ndiye mwana wina wa kumbuyo, pofuna kuthandiza, anati mwina abwanawo akwiya, bwanji alowe kaye pansi pa tebulo mtima utsike. Woyenderayo anatenga chikwama chake n'kutuluka.

Posakhalitsa Madamu anauzidwa kuti ali ndi mlandu wonyoza wowayang'anira ndiponso wotaya nthawi ya maphunziro, kuti adzaitanidwa kukayankha, ndi kuti nsalu ichoke pa tebulo nthawi yomweyo. Aphunzitsi aakulu, amene ankawafunira zabwino, anawalangiza kuti aichotse kaye, zinthu zikazizira adzaibwezerepo. Bungwe silinena kuti malemu analibe mantha. Anali munthu wosakonda mikangano, woti ngakhale pamsika sankatha kukana akamupatsa tomato woola. Amuna awo akuti tsiku limenelo Madamu anafika kunyumba n'kukhala pampando osavula nsapato, chakudya osachikhudza, akungonena kuti ntchito yonseyi ithera pa dzina loti ndi wamwano. Bambowo, poyesa kuwaseketsa, anati ngati nsalu ndiyo yalakwa, amange telala. Madamu anaseka pang'ono. Koma chimene chinkawalemera kwambiri chinali china. Kamtsikana kaja kanali katasiya kubwera kusukulu, ndipo Madamu anali atapita kwawo n'kukalonjeza pamaso pa amake kuti tebulo lilipo, nsalu ilipo, ndipo palibe adzaikwezenso. Mwanayo anabwerera chifukwa cha mawu amenewo. Choncho Madamu anawayankha aphunzitsi aakulu kuti mwana wa zaka zimenezo ukamunamiza kamodzi, zilembo zako zonse amaziyesa bodza. Nsalu sinachoke. Matenda anawapeza tsiku la mlandu lisanakwane.

Tsopano ofesi imene inawaimba mlandu yatumiza chipepeso chake, ndipo bungwe lachilandira mwaulemu. Koma mu uthenga womwewo muli mfundo ziwiri: yoyamba, kuti poti woimbidwa mlandu wamwalira, mlandu watsekedwa, yachiwiri, kuti tebulo lichotsedwe mphunzitsi watsopano asanayambe ntchito. Bungwe likukana zonse ziwiri. Kutseka mlandu chifukwa cha imfa sikuyeretsa dzina la munthu, kumangomulanda mwayi woyankha, ndipo sizingatheke kuyamikira mphunzitsi pamanda kwinaku mukutulutsa ntchito yake pakhomo la kalasi. Pa tsiku limene malemu anayenera kukaonekera, akuluakulu a bungwe adzapita ku ofesiyo, adzakhala pa benchi la odikira, ndipo adzayankha mlanduwo m'malo mwawo. Ngati funso ndi lakuti ana a m'kalasi imeneyo amawerenga kapena ayi, ofesi itumize aliyense amene ikumukhulupirira, ndi buku limene anawo sanalionepo, akamve yekha. Ngati funso ndi lakuti mphunzitsi angauze bwana wake kuti apepese mwana, bungwe likuti angathe, ndipo chipepeso chimenecho sichinaperekedwebe. Sichinali cha Madamu kuti chife nawo. N'cha mwana amene ali moyo, ndipo woyenera kuchipereka akudziwa pamene pali sukuluyo. Akadzabwera, palibe adzamuseka, pakuti ana amenewo anaphunzitsidwa kuti wopepesa sasekedwa.

Mamembala ambiri anena kuti nawonso aika nsalu pa matebulo awo. Amuna a malemu atamva zimenezi anapempha kuti awatumizire miyezo ya matebulowo. Bungwe likuthokoza, koma likupempha mamembala kuti asawafulumizitse bambowo. Makina awo akhale kaye ovundikira mpaka iwo eni atafuna kuwatsegula.

Amake a kamtsikana kaja anafika kwa wapampando wa bungwe tsiku limene ana anauzidwa za imfayi. Anati mwana wawo sanalire, anangofunsa ngati tebulo lipita nawo Madamu, ndipo wakana kuvala yunifolomu mpaka atamva yankho.

"Ine ndimuuze chiyani, bambo?" anafunsa mayiwo.

Bungwe likuyankha poyera, kuti pasadzakhale wobweza mawu mseri. Mayi, muuzeni kuti tebulo lilipo. Mphunzitsi amene akutenga kalasiyo anaphunzira ntchito m'manja mwa malemu, wavomera kulisunga, ndipo mamembala onse aima kumbuyo kwake. Muvekeni yunifolomu.

Kwa inu bambo, amuna a malemu, mawu a bungwe ndi ochepa, chifukwa ochuluka sathandiza. Masiku ano pakhomo padzaza anthu, koma nthawi yovuta ndi imene mipando yobwereka yabwezedwa, munthu n'kupezeka watulutsa makapu awiri mwachizolowezi. Mamembala adzabwera nthawi imeneyo, pamasiku wamba, ndipo simudzafunika kuwachereza kapena kuwalankhula. Kwa inu ana, amene munagawana mayi anu ndi ana a eni kwa zaka zonsezi, nthawi zina mpaka kudikira chakudya iwo akudula makatoni, bungwe likudziwa kuti mtengo wa ntchito imeneyi munalipirako ndinu. Kwa inu mayi, amene mukuika m'manda mwana amene munkayembekeza kuti adzakuikani, bungwe lilibe choti linene choposa kukhala nanu pansi.

M'malo mwa mamembala onse, bungwe likupepesa banja lonse, aphunzitsi anzawo ndi ana a kalasi yoyamba, ndipo likukufunirani mphamvu zokwanira tsiku lililonse palokha. Madamu apumule mumtendere. Zoyankha zimene zatsala, ayankha ndi anzawo.

Wapampando,
Bungwe la Aphunzitsi a Makalasi Oyamba