Ubwere Nalo Lili Kumutu

Xunpu, Quanzhou
12 Okutobala

Mng'ono wanga Bilian,

Uli bwanji kumeneko ku Adelaide? Nanga alamu anga a Wenbo ndi ana, Xiaoman ndi kamlongo kake kosamva kaja? Chifuwa chako chija chinasiya? Kuno amuna anga a Guotai ali bwino, mimba yokha ndiyo ikungokula. Ine ndilipo, kungoti msana. Za amayi ndinena pansipa, usathamange.

Usadabwe kuona pepala. Foni yanga unasiya kuyankha chaka chatha, ndiye ndati pepala sungalitseke pakamwa. Ukafuna kuling'amba, uyambe waliwerenga mpaka pomwe pali dzina langa.

Tchuthi cha sabata yathayi chatisiya tili ofooka. Mabasi amayamba kutula alendo m'mamawa, pofika teni koloko kanjira kopita kukachisi wa Mazu, mulungu wathu wa panyanja, sikadutsikanso. Aliyense akufuna maluwa kumutu ndi chithunzi atatsamira khoma la zigoba za nkhono. Azakhali a Suan alendo awakolopolera zigoba zitatu pakhoma lawo, pano amakhala panja ndi ndodo, akuti wokhudzanso amuthyola chala. Mtsikana wina anandifunsa ngati nyanja ili pafupi, chikhalirecho fungo la matope likumulowa m'mphuno. Tsiku lina mu shopu yanga ndinamanga maluwa mitu makumi asanu ndi inayi ndekha.

Ndikudziwa zimene ukunena pamenepo. Unanena kale tsiku lija pakhomo, anthu akumva, kuti amayi ndawasandutsa chidole chokokera makasitomala. Ine ndinakuyankha kuti munthu wothawa kwawo asatiphunzitse ulemu. Mawu amenewo akundiwawa mpaka lero. Koma iwe unalasa penipeni. Amayi akakhala pakhomo la shopu akutsegula nkhono zawo, maluwa ali ngwee kumutu, mzere umafika pakona. Ndinkadziwa bwino, ndipo mpando wawo ndinkauika ndine pamene dzuwa limawala bwino pachithunzi.

Tsopano khala pansi.

M'mawa wina mu Ogasiti amayi anandiitana kuchipinda kuti ndikawamange tsitsi. Ukudziwa kuti chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi zitatu mutu wawo amamanga okha. Ngakhale tsiku lokakubereka iwe anapita kuchipatala maluwa ali kumutu. Ine ndinali ndi atsikana asanu ndi mmodzi a ku Chengdu pabenchi, ndiye ndinangokuwa kuti adikire. Ndinadzakumbukira dzuwa lili paliwombo.

Ndinawapeza atakhala pabedi, chipeso chili pamiyendo, maluwa atayamba kufota m'mbale. Ngakhale phala anali asanamwe, poti sangatuluke m'chipinda mutu uli wosamanga. Dzanja lamanja linkakana kukwera. Nditawagwira m'khwapa ndinapeza chotupa chachikulu ngati dzira la bakha. Akuti chinayamba kalekale, koma anaona kuti ndatanganidwa.

Ndi khansa ya m'bere, Bilian. Ndakubisira miyezi iwiri chifukwa cha manyazi, sindinafune kuti unene kuti unandiuza. Undikhululukire kapena usandikhululukire, koma werengabe.

Dokotala akuti tikayamba msanga mankhwala a m'dilipi, kenako opaleshoni, chiyembekezo chilipo ndithu. Tikachedwa mpaka chaka chatsopano, iye salonjeza kanthu. Amayi anamvetsera bwinobwino akugwedeza mutu, kenako anafunsa funso limodzi lokha, la tsitsi. Atamva kuti lithothoka lonse anatola kachikwama kawo, kuthokoza dokotala, ulendo. Mu basi amvekere, "Bambo ako anandisiya ndili ndi maluwa. Ndikakawapeza mutu uli ngati dzungu akandizindikira bwanji? Akangondidutsa n'kukafunsira wina." Ndinaseka, kenako ndinalira, anthu akundiyang'ana.

Palibe chimene sindinayese. Ndinati timete lawo lomwelo lisanathothoke, tilisokere pakansalu, azivala. Koma latha kale, ndi kamchira chabe kongothandizidwa ndi ulusi wakuda, komanso sizasi akuti isayandikire mutu wawo. Ndinati nditenge langa. Anandiyang'ana n'kunena kuti udzu wopsa ndi utoto ngati umenewu, wosafika ndi m'khosi momwe, ngakhale mbuzi ingaulavule. Azakhali a Suan anapereka lawo ndi mtima wonse. Amayi akuti iwo sangasenze mutu wa munthu amene anawalanda malo ogulitsira nkhono mu 1983.

Ndiye ndinachita zopusa. Ndinatenga wigi yabwino kwambiri mu shopu, ija timaveka alendo a tsitsi lalifupi. Ndinaichapa, kuimanga ndi ulusi wofiira, n'kuiika mu envelopu yaikulu ija unatumiziramo mavitamini. Ndinawauza kuti Bilian wamva za matenda, wameta lake, watumiza.

Ukanaona nkhope yawo, mng'ono wanga. Anapukuta manja kawiri asanaligwire. Anakuwira azakhali a Suan pawindo kuti abwere adzaone mwana wodziwa mayi ake. Kenako analisisita n'kulinunkhiza. Anazula katsitsi kamodzi n'kukakayatsa pa lubani wa patsogolo pa chithunzi cha malemu bambo. Kanapindika n'kununkha ngati jumbo yopsa.

Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangoti, "Mutu wa Bilian ndinaupesa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Lanfen. Tsitsi lake ndi lokakala ngati la bambo ake. Ukadzafuna kundinamizanso, usankhe bodza la msinkhu wako." Masiku atatu sanandilankhule. Azakhali a Suan ndiye nkhani anakaifikitsa mpaka kumsika, moti pano ndikamadutsa amayi a nsomba aja amandifunsa ngati ndilinso ndi tsitsi la ku Australia.

Tsiku lachinayi ndinagwada pambali pa mpando wawo, alendo akujambula, osadziwa chimene akujambula. Ndinawafunsa kuti ndichite chiyani. Anati tsitsi lenileni la Bilian likafika, apita kuchipatala. Ndinawagwira dzanja mpaka kukachisi kuti akalumbire pamaso pa Mazu, ndipo analumbira akumwetulira. Ndikudziwa chimene chinkawamwetulitsa. Akuganiza kuti subwera. Pobwerera anandiuza kuti mwana uja anatengera iwo, akakwiya amakwiya mpaka kumanda. Apeza njira yokanira mankhwala popanda kunena kuti ayi.

Koma pamenepo ndi pamene ndawagwira. Lumbiro la kwa Mazu amayi sangaliphwanye, ngakhale zitavuta bwanji. Ndakalembetsa kale tsiku kuchipatala, pa 4 Novembala, eyiti koloko m'mawa. Shopu ndaitseka. Chikwangwani cha pashopu chija cha nkhope ya amayi a Guotai achitsitsa dzulo, akung'ung'udza njira yonse yapamakwerero kuti ndapenga. Ndawauza kuti alendo akajambule khoma la azakhali a Suan, akakumane ndi ndodo. Kansalu kosokerapo ndadula kale, ndinawayeza mutu masana akuwodzera.

Tsitsi lako ndinaliona pachithunzi chimene msuweni wathu Peishan anandionetsa. Lafika m'chiuno. Ndikudziwa mmene umalikondera, chiyambire tili ana umandiponda nalo mtima kuti lako ndi lalitali. Ndikulipempha lonse.

Koma usatumize pa positi. Pambuyo pa bodza langa lija, chilichonse chofika mu envelopu achiyatsa pa lubani, kaya chinunkhe bwanji, adzati ndagula. Ndipo nanenso ndisanamenso. Mmene anapukutira manja aja ndinaona ndi maso anga kuti si tsitsi lokha limene akudikira.

Ubwere nalo lili kumutu. Udzakhale pampando uja, adzalipese okha ndi dzanja lamanzere, adzalinunkhize, akhutire kuti ndi lako, kenako ndidzamete ine. Ngati sukufuna kundilankhula, usandilankhule, munthu amameteka ali chete. Ukafuna kunditukwana, ndakusungira tsiku lonse la pa 5, ndidzakhala pansi osayankha. Koma ukapanda kubwera, lumbiro langa ndi ili: ndikwera ndege koyamba m'moyo wanga, ndidzakukoke ndi tsitsi lomwelo mpaka ku Xunpu. Umandidziwa.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti mkazi wawo abwerera wometa, ayambiretu kuzolowera. Ana uwapsompsone m'malo mwanga. Azakhali a Suan akupereka moni, akuti uwatengere mafuta a mawondo. Mazu akuyang'anire panjira yonse, pamwamba pa nyanja ndi pamtunda pomwe.

Maluwa a pa 4 Novembala ndaitanitsa kale kwa mlimi wathu uja, oyera onunkhira aja amawakonda. Amayi akalowa m'chipatala atavala, ngati mmene analowera pokakubereka. Tsiku limenelo unatuluka nawo uli m'manja mwawo. Ulendo uno ukawalowetse ndiwe.

Ndine mkulu wako wamakani,
Lanfen