Ndine Ndinaimitsa Ndege ya Amalume

Villavicencio, 9 Ogasiti

Okondedwa achimwene Isaías,

Ndikhulupirira muli bwino ku Madrid kumeneko, inu, alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha mwana wanu Yamile chinatha? Kuno tilipo, amayi akungodandaula mawondo.

Munamva kuti ndege ya amalume Eudoro inaimitsidwa mu Juni. Iwo akuuza aliyense kuti anawaneneza ndi a kampani ina, chifukwa cha nsanje. Achimwene, si iwowo. Ndine.

Mukudziwa mmene takhala tikupakirira ndegeyi zaka makumi atatu. Bambo Crisanto, opakira katundu aja, amanyamula thumba, kuligwedeza, n'kutchula kulemera kwake. Nkhumba amangoiyang'ana. Nditabwera ndi sikelo anandiseka kuti ku koleji ndinakaphunzira mantha okha, tsiku lina ndidzayeza ndi ntchentche zomwe.

Pa ulendo wa ku Mitú ndinayeza chilichonse mwakachetechete, kawiri. Anthu 24, njinga yamoto, migolo ya mafuta, ufa wa chinangwa: tinapyola mulingo ndi makilo 410. Nditawauza amalume, anati ndege yawo yokalambayo siwerenga manambala, ndisawachititse manyazi pagulu. Inanyamuka matayala atatsala pang'ono kukhudza mitengo, muli ana asukulu asanu ndi awiri. Zitatero, ndinalembera akuluakulu oyang'anira za ndege.

Atabwera anapeza mng'alu paphiko lakumanzere. Akonza, ndipo Lolemba iyambanso kuuluka, ndi anthu 19 basi, aliyense ayambe waima pa sikelo. Dzulo Bambo Crisanto anaimapo okha, n'kunena kuti chinthucho n'chabodza, chawawonjezera makilo khumi. Tinaseka tonse, ndi amalume omwe. Aphunzitsi a ku Mitú alembetsa kale maulendo atatu.

Koma amalume akutukwanabe munthu amene sakumudziwa, ine ndikuwathirira khofi. Sindingapirirenso. Ndiwauza Lamlungu pa chakudya cha masana. Mwina andichotsa ntchito, mwina sadzandilankhulanso.

Chonde, muwaimbire Loweruka, inu amakumverani. Musaulule. Mungowafunsa kuti mng'alu uja ukanapanda kuoneka, zikanatha bwanji. Aganizirepo ndisanatsegule pakamwa.

Amayi ndawauza kale. Anati adzakhala pakati pa ine ndi amalume patebulo, ndipo adzaotcha nthiti za ng'ombe, poti mlongo wawoyo sanakalipepo m'kamwa muli nyama.

Mulungu akusungeni nonse. Moni kwa alamu Orfilia, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu,
Nohemí