Zikope zatupa, koma bolodi la zilembo ndikuliopa

Aphungu,

Ndine telala, ndasoka pa khonde limodzi zaka makumi anayi ndi zisanu. Kusukulu sindinapondeko, ndipo sindipepesa: masuti amene aphunzitsi ankakwatirira ndinkadula ndine. Kalatayi akundilembera mlamu wanga, yekhayo wotsala amene akudziwa kuti sinditha kuwerenga. Ena onse, ndi ana anga omwe, amaganiza kuti ndimangoiwala magalasi.

Vuto langa ndi zikope. Zimafiira m'mphepete, kuyabwa, ndipo m'mawa zimamatana ndi manthongo ouma ngati mfundu. Si za lero. Mkazi wanga ali moyo ankafunditsa madzi, n'kundikhazika pa mpando wa makina, n'kumandipukuta ndi kansalu. Ankati, "Tsinzinani bambo, mukufuna kuyang'ana ndani?" Ine n'kumadandaula dala kuti madzi atentha, kuti achedwepo. Anatisiya chaka chatha. Chichokereni iye palibe wandigwira kumaso, ndipo sindifuna. Kachubu ka mankhwala kamene anasiya ndimapaka pang'onopang'ono. Sikathandiza, koma pamene ankafinya ndi chala chake pakuonekabe.

Tsopano chikope chakumanja chatuluka kachotupa kolimba, ndipo ulusi ukukana kulowa pa singano. Mwana wanga wamkazi akuti, "Ababa, tiyeni kuchipatala cha maso." Koma ndinamva kuti kumeneko amakuimika patsogolo pa bolodi n'kuti werenga. Kale paliponse polembedwa mkazi wanga ankandinong'oneza. Lero ndiime ndekha, imvi zonsezi, ana a dzana andiseke? Ingondiuzani mankhwala ogula, basi.

T. W., pa khonde la atelala

Bambo T. W.,

Pepani ndi zovutazo. Mayi aja ankakusamalani bwino, ndipo zimene ankachitazo ndi zomwenso achipatala amalangiza.

Koma dzina la mankhwala sindikupatsani. Inu mumadula nsalu munthu musanamuyeze? Kutupa kwa zikope si kumodzi. Kwina kumagwira kutsogolo, pamene pamamera tsitsi la chikope, ndipo n'kumene kumabweretsa mfundu mukunenayo. Kwina n'kwa m'kati, timabowo totulutsa mafuta a diso tikatsekeka. Kumeneko n'kumene kumasiya kachotupa kolimba. Palinso kachithupsa kopweteka ka mafinya. Ena amakhala ndi mitundu iwiri nthawi imodzi. Wosiyanitsa ndi amene wakuyang'anani ndi tochi, osati ine pa pepala.

Yambani lero. Sambani m'manja, nyikani kansalu koyera m'madzi ofunda, kagonekeni pa zikope mutatsinzina kwa mphindi zisanu kapena khumi, kenaka pukutani m'mphepete mofatsa. M'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, chifukwa nthendayi imakonda kubwerera. Manja a mwana wanu si a mayi ake, ndikudziwa. Koma wadzipereka kale kukuperekezani kuchipatala, muloleni azikupukutaninso. Kachubuko sungani m'kabati ya makina, muzikayang'ana mukawasowa mayi, koma m'diso kasalowenso. Mankhwala otsegula kalekale amasunga tizilombo.

Za bolodi, mwadzizunza chabe. Lilipo lina lopanda mawu: chizindikiro chimodzi cha miyendo itatu, inu n'kumangoloza ndi dzanja kumene miyendoyo yayang'ana. Mukangolowa nenani kuti, "Ndipatseni lolozalo." Sadzakufunsani za sukulu. Akufuna kudziwa ngati mukuona, ndipo amayeza akuluakulu otero tsiku ndi tsiku. Pitani sabata ino.

Diso likayamba kupweteka, kuona kukachita mdima, tsitsi la chikope likamakanda m'diso, kapena kutupa kukafalikira kutsaya, musadikirenso sabatayo, pitani tsiku lomwelo. Ndipo atelala ndimakudziwani: kachotupako musakaboole ndi singano. Nsalu ikabooka mumaika chigamba. Diso lilibe chigamba.

Aphungu