Nkhani ya Mayi Oyimba Tena Pakati pa Abambo

MFUNDO ZA MSONKHANO WA KOMITI YA KWAYA YA TIYIMBE TONSE

Tsiku: Loweruka, pa 14 Juni
Malo: Kalasi ya ana a mkaka, kuseri kwa holo
Analipo: Wapampando, Msungichuma, Akwayamasitala, Amakaniko (oyimira mabesi), Atelala (oyimira masoprano) ndi Mlembi
Opepesa: Anamwino, anali pa ntchito
Oitanidwa: Ameta, oyimba tena, omwenso ndi amuna a Msungichuma, ndi Mayi a ku Bekale, membala watsopano

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Mlembi anapemphera, napempha Mulungu kuti aike mlonda pakamwa pa aliyense. Anthu anakhala pa timipando ta ana, maondo ali m'chibwano.

2. Mfundo za msonkhano wathawu

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Amakaniko anapempha kuti mawu oti "anakalipa" afufutidwe, poti iwo sakalipa, ndi mmene besi imamvekera. Anafufutidwa.

3. Dandaulo la Msungichuma

Mlembi anayamba waulula kuti Ameta ndi achimwene ake, choncho Msungichuma ndi alamu ake, ndipo anapempha kuti atuluke. Wapampando anakana chifukwa panalibe wina wolemba.

Msungichuma anati chilowereni Mayi a ku Bekale m'kwaya, amaima pamzere wa abambo, phewa ndi phewa ndi Ameta. Anati: "Sindikunena kuti pali chinthu. Ndikunena kuti pepala la nyimbo ndi limodzi koma mitu iwiri." Anapempha kuti mayiwo asamutsidwire ku alto kuli amayi anzawo, apo ayi asiye kwaya.

Atelala anagwirizana nazo. Anati siketi imodzi pakati pa mathalauza imaononga mzere, ndipo makasitomala awo ayamba kufunsa. Amakaniko anafunsa kuti makasitomalawo nkhaniyi anaimva kwa yani, ngati si kwa amene amawayeza m'chiuno. Atelala anayankha mawu amene Mlembi sanawalembe. Wapampando anamenya tebulo.

Akwayamasitala anafotokoza kuti ku alto anawayesa kale, koma mawu awo sakwera, amathera panjira. Anati mayiwo ndi tena weniweni, ndipo asanabwere, matena ankayamba nyimbo padenga n'kukaimalizira pansi pa benchi. Wapampando anakumbutsa kuti lamulo la kwaya ndi loti sitibweza munthu pakhomo, koma silinena pamene munthuyo aziima.

Mayi a ku Bekale anapatsidwa mwayi. Anati ali kusukulu aphunzitsi anawauza kuti mawu awo ndi achimuna, azingogwedeza milomo, ndipo kuyambira pamenepo ankangoyimbira uvuni. Akwayamasitala ndi amene anawamva akuyimba pobwera kudzagula buledi. Anati: "Tsiku loyamba lija, mawu anga atalowa pakati pa mawu a anthu n'kukwana ndendende ngati chivindikiro pa poto, ndinachita tsembwe thupi lonse. Ndinapita kunyumba ndikuseka ndekha mumsewu ngati wamisala. Masiku a kwaya ndimadzuka mutu uli wopepuka, ngakhale mtanda umafufuma bwino." Kenako anatembenukira kwa Msungichuma nati: "Amuna a eni sindikuwafuna, mayi. Wanga yemwe anandikanika. Koma mukandiika ku alto, mwandibwezera kogwedeza milomo kuja."

Msungichuma anati iwo sanabwere kudzamva mbiri ya munthu.

Pofuna mtendere, Akwayamasitala anapereka ganizo loti mayiwo akhale pomwepo, koma Ameta asamukire kumapeto ena a mzere. Msungichuma anavomera. Mlembi anathokoza Mulungu chamumtima, poganiza kuti nkhani yatha.

Ameta anaimirira nati sangasamuke.

Msungichuma ananyamula chikwama chawo nati: "Mwadzimvera nokha, abale anga. Mlamu, lemba zimenezo." Mlembi analemba.

Wapampando anapempha Ameta kuti afotokoze. Ameta anati kuyambira chaka chatha khutu lawo lakumanzere linafa, silimva kanthu. Kiyibodi imakhala kumanzere kwawo, choncho mawu oyambira sawamva. Anati ankaganiza zosiya kwaya, mpaka mayiwo anadzaima kumanja kwawo. "Mayiwa sasochera. Ndimangotsamira khutu lamoyoli kwa iwo, ine n'kumatsatira. Si pepala limene ndimayang'ana ayi." Anati anabisa poopa kuti awakhazika pansi, ndiponso kuti kushopu anthu angathawe wometa amene samva munthu akati "pang'ono chabe".

Mayi a ku Bekale anati iwo sankadziwa. Ankangoona ngati bambowo ali ndi vuto la maso.

Msungichuma anafunsa kuti: "Bambo a kunyumba, ine ndimagona mbali iti?" Ameta anati kumanzere. Msungichuma anati: "Ndiye chaka chonsechi ndimalankhula ndi khoma? Ine kumati mwandinyoza!" Amakaniko anaseka mpaka kampando kanathyoka. Mlembi akuvomereza kuti nayenso anaseka, ndipo akupempha chikhululukiro, chifukwa alamu ake anali akulira.

Wapampando anafunsa ngati Msungichuma akubweza dandaulo lawo. Anakana. Anati tsopano n'zopweteka kuposa poyamba, chifukwa khutu lamoyo alipatsa mlendo, iwo n'kuwasiyira lakufa. Anati komiti ivote.

Oitanidwa awiri aja anatulutsidwa panja. Oti mayiwo achoke pa tena anali Msungichuma ndi Atelala. Oti akhale anali Akwayamasitala ndi Amakaniko. Mlembi anali atawerama akulemba, ngakhale kunena zoona panalibe cholemba. Wapampando anati: "Amlembi, cholembera pansi. Dzanja lanu lili kuti?" Msungichuma anayang'ana Mlembi osaphethira.

Mlembi anati amawakonda alamu ake, ndipo ana ake akadwala ndi alamuwo amene amathamanga nawo kuchipatala. Koma anati sakuona tchimo limene mayiwo achita, ndipo akuopa kukafunsidwa tsiku lomaliza chifukwa chotseka pakamwa pamene Mulungu anatsegula. Anakweza dzanja kuti akhale.

Chigamulo: Mayi a ku Bekale apitiriza kuyimba tena pamalo awo, ndipo Ameta sasamuka. Atauzidwa, mayiwo anagwira pakamwa, nafunsa kawiri ngati abwere ku kwaya Lachitatu. Wapampando anati abwere.

4. Zina ndi zina

(a) Amakaniko alonjeza kukonza kampando ana asanabwere Lolemba.

(b) Msungichuma anadziwitsa komiti kuti Ameta satsegula shopu Lolemba, chifukwa akupita nawo kuchipatala, afune asafune. Ameta sanatsutse.

(c) Msungichuma anapemphanso kuti asamuke pakati pa ma alto, akaime kumapeto kumene kumagundana ndi matena, kumanzere kwa amuna awo. Akwayamasitala anawakumbutsa mwaulemu kuti kumeneko ndiye ku khutu lakufa, bambowo sakawamva. Msungichuma anati: "Sindikupita kukamvedwa ine. Ndikupita kukaona." Pempholo linavomerezedwa popanda wotsutsa.

5. Msonkhano wotsatira

Udzakhalako Loweruka, pa 12 Julaye, malo omwewa.

6. Kutseka

Wapampando anapempha Msungichuma kuti atseke ndi pemphero. Anapempherera khutu la amuna awo, kwaya yonse, ndi "abale amene amakweza manja". Mlembi anati ameni mokweza. Msonkhano unatha 4 koloko itadutsa.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________